Ulendo wa banja ku Disney World: ndidalire buku liti?

aNaphiri, Lilongwe: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndili ndi makasitomala anga akale, banja la kwathu konkuno lomwe limakhala ku Leeds. Nthawi zonse ndimangowadulira matikiti obwera kumudzi, koma ulendo uno akuti ndiwakonzere tchuthi cha ku Orlando, komwe kuli mapaki achisangalalo a Disney World, mu Ogasiti. Alipo bambo, mayi, agogo aakazi ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5. Za mapepala olowera ku America anathana nazo okha, ndege ndi hotela ndikudziwa pogwira. Chandiimitsa mutu ndi dongosolo la tsiku ndi tsiku m'mapaki muja. Ndili ndi Unofficial Guide to Walt Disney World ya 2019 yomwe ndinagula pa kaunjika wa mabuku. Ingandithandize, kapena ndigule ya Birnbaum yomwe amati ndi ya a Disney eni ake?

aBanda, Johannesburg: Achemwali, ya 2019 iyo ikani pashelefu, ingakuchititseni manyazi. Muli nkhani ya FastPass+, njira yaulere yodumphira mizere, koma imeneyo inatha. Mu 2021 anabweretsa Genie+ yolipira, ndipo mu Julayi 2024 nayonso anaichotsa n'kuika Lightning Lane Multi Pass ndi Single Pass. Mukawauza kuti kudumpha mzere n'kwaulere, akakutukwanani ali pageti. Komanso bukulo likutumizani ku chokwera cha Splash Mountain, chomwe anatseka mu Januwale 2023. Pamalo pake pali Tiana's Bayou Adventure. TRON ya ku paki ya Magic Kingdom simuipezamo ngati chokwera chotseguka, inayamba mu 2023.

Mphatso, Blantyre: Koma akuluakulu, buku la chiyani masiku ano? Pa foni pali My Disney Experience, imaonetsa nthawi yotsegulira, kutalika kwa mizere ndi mitengo ya tsikulo. Zotsalazo YouTube.

aChisale, Manchester: Mphatso mwanawe, pulogalamu ya pafoniyo imakuuza kuti mzere uli pa mphindi 90 iwe utaima kale padzuwa. Sikuuza kuti ukanayambira kuti m'mawa. Ntchito ya buku ndi imeneyo. Ine ndatumizako mabanja angapo, ndipo ndimagula Unofficial Guide yatsopano chaka chilichonse. Olemba ake sali pansi pa Disney, ndiye amanena mosabisa kuti ichi musatayirepo nthawi, lesitilanti iyi ndi yodula pachabe. Amasonkhanitsa maganizo a owerenga malinga ndi misinkhu, kotero mumaona kuti ana aang'ono anachikonda bwanji, nanga okalamba. Muli ndondomeko zoyendera paki iliyonse, kuyambira chokwera choyamba mpaka chomaliza, zochokera pa kuwerengera mizere. Gawo lomwe ndimalikonda kwambiri ndi lonena zokwera zomwe zimaopsa ana. Mwana wa zaka 5 akalira pa chokwera choyamba chifukwa cha mdima ndi phokoso, tsiku lonse amakana kukwera china chilichonse, ndalama za tikiti zapita.

Ya Birnbaum si yoipa. Zithunzi zokongola, kuwerenga kosavuta. Koma amasindikiza ndi a Disney, ndiye zili ngati kufunsa mayi wa pamsika ngati tomato wake ndi wabwino.

aNaphiri, Lilongwe: Zikomo aChisale. Ndinaiwala kunena, mwana wamkuluyo akungolota za Mario, uja wa m'magemu a Nintendo.

aBanda, Johannesburg: Eee, pamenepo ndiye mukanalakwitsa! Mario sali ku Disney. Super Nintendo World ili mu Epic Universe, paki ya Universal yomwe inatsegulidwa mu Meyi 2025. Kampani ina, tikiti ina. Ya Birnbaum ija ntchito yake ndi Disney basi. A Unofficial Guide ali ndi buku lapadera la Universal Orlando, onetsetsani kuti ndi lomwe muli Epic Universe.

aChisale, Manchester: Ndipo chenjerani ndi chaka cha pachikuto. Mabukuwa amatuluka chaka cholembedwacho chisanayambe, ndiye ngakhale latsopano limakhala litatsalira miyezi ingapo. Mitengo ndi maola musakopere m'buku, tengani pa webusaiti ya paki sabata yonyamukira. Apa Mphatso akunena zoona.

Chinthu china chofulumira: auzeni amuyeze wamng'onoyo lero, atavala nsapato zomwe akavale. Mabukuwa amalemba m'mainchesi. Seven Dwarfs Mine Train ndi 38, kutanthauza masentimita 97. Tiana's ndi masentimita 102. Space Mountain ndi Flight of Passage ndi 112, TRON 122. Pageti samva zopempha.

aNaphiri, Lilongwe: Ndawafunsa pa WhatsApp, akuti 108.

aChisale, Manchester: Basi, zitatu zomalizazo sakwera. Muwalembere za Rider Switch: wamkulu mmodzi amatsala ndi mwana, winayo akatsika amasinthana osayambiranso mzere wautali uja. Agogo nawo muwaganizire, mapaki a Disney ndi anayi ndipo onse ndi oyenda wapansi tsiku lonse. Zikuku amabwereketsa pakhomo.

Mphatso, Blantyre: Chabwino, ndagonja theka. Koma kasitomala musamupatse chibuku chochindikala chija, sawerenga. Gulani la pakompyuta pa Kindle, kudikira la pepala kuti lifike kuno Ogasiti adutsa. Muwerenge inu, iwo muwapatse tsamba limodzi pa paki iliyonse.

aBanda, Johannesburg: Patsambalo muikepo masiku ofunika. Malo odyera amayamba kusungitsa masiku 60 asanafike. Lightning Lane amagula masiku 7 asanafike ngati akugona m'hotela ya Disney, masiku 3 ngati ali kunja. Ogona m'hotela za Disney amalowanso mphindi 30 ena asanalowe. Ogasiti ku Florida kumatentha kufika cha m'madigiri 33, ndipo masana kumakonda kugwa mvula yamabingu yomwe imatseketsa zokwera zapanja. Zapanja m'mawa, masana akapume.

aNaphiri, Lilongwe: Mwandiombola. Ndigula awiri a Unofficial Guide, la Disney ndi la Universal, onse atsopano. Birnbaum ili ndi lake la ana, ndiwauza agule konko ku Leeds anawo aziona zithunzi. Loweruka ndiponya pano tsamba la Magic Kingdom, aChisale mundionereko ngati ndayambira poyenera.

aChisale, Manchester: Ponyani. Mulembenso dzina la hotela, poti ola lodzukira lidalira pamenepo.