Triathlon ya mtunda wonse padzuwa lowamba: madzi ndinamwa ambiri, nanga chinandifoola n'chiyani?

Kamtsinje analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munachitapo triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana) ya mtunda wonse kumalo otentha, chifukwa zimene zandichitikira sabata yathayi sindikuzimvetsa mpaka pano.

Sindine katswiri ayi. Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndimagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo zokonzekera ndimachita m'bandakucha ndisanapite kuntchito. Ya theka ija, yosambira makilomita 1.9, kupalasa njinga makilomita 90 ndi kuthamanga makilomita 21.1, ndinaichitapo bwinobwino nyengo yozizira. Ulendo uno ndinalowa yonse yathunthu: kusambira makilomita 3.8, njinga makilomita 180, kenako marathon ya makilomita 42.2, ndipo zonsezi zithe maola 17 asanakwane.

Kusambira kunayenda bwino. Madzi anali atapitirira madigiri 24.5, choncho m'mawa analengeza kuti ofuna kupikisana nawo pa mphoto asavale wetsuit, chovala chosambirira chosunga kutentha m'thupi. Ine sindinadandaule, madzi ofunda ndimawakonda. Panjinga makilomita 90 oyamba ndinkachita kumva kukoma, miyendo yopepuka, ndipo kutentha sindinkakumva kwenikweni chifukwa mphepo inkaumitsa thukuta. Ndinazindikira kuti ndikutuluka thukuta lambiri nditaona mchere utayera mbee pa kabudula ndi pa zingwe za chisoti. Masana wotchi yanga inkasonyeza madigiri 35. Pamalo aliwonse operekera zakumwa ndinkatenga mabotolo awiri, lina kumwa, lina kudzithira. Chakumapeto ndinaona kuti mtima ukugunda mofulumira kuposa m'mawa, pomwe liwiro linali lomwelija, mwinanso locheperapo.

Nditangotsika njinga n'kuyamba kuthamanga, mphepo ija inatheratu. Kutentha kunkachokera kumwamba ndi pansi pomwe, phula likuchita kubwezera moto kumaso, mthunzi wosaoneka paliponse. Ndinkaopa kwambiri kuuma m'thupi, ndiye pamalo aliwonse ndinkamwa makapu awiri a madzi, ludzu lilipo kapena palibe. Nditakwanitsa makilomita pafupifupi 15, m'mimba munadzaza moti madzi ankachita kumveka ndikaponda pansi. Ma gel, timapaketi ta shuga wopatsa mphamvu, anasiya kutsika, ndikangotsegula kapaketi mseru unkabwera. Zala zinatupa, mphete yanga yaukwati n'kuthina mpaka kusiya mzere. Mutu unayamba kuwawa. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi tsemwe: dzuwa likuswa mtengo, ine khungu lachita tsemwe ngati ndili pachisanu.

Kuyambira pamenepo ndinangoyenda wapansi, kuthamanga pang'ono dzuwa litalowa. Ndinamaliza usiku, nthawi itatsala pang'ono kutha. Ndine wokondwa kuti ndinamaliza, osanama, ndinalira pamzere womaliza. Koma kutenti ya achipatala anandiuza kuti ndisamwenso madzi wamba usiku umenewo, anandipatsa msuzi wamchere, n'kundikhazika pansi nthawi ndithu akundifunsa dzina ndi tsiku. M'mawa mwake nditakwera sikelo ndinapeza kuti sindinatsike n'komwe, ndinali nditakwera pang'ono.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi madzi anandichepera kapena anandichulukira? Ndipo munthu wamba ngati ine, amene sangasiye ntchito kukakhala kotentha mwezi wathunthu, angakonzekere bwanji? Ndikufuna kudzabwereranso, koma osati kukayenda wapansi theka la marathon.

Mpalasi Wakale anayankha:

Achemwali, choyamba landirani ulemu wanu. Kumaliza mtunda umenewo thupi litakana si zamasewera. Pa Ironman yoyamba, mpikisano wa triathlon ya mtunda wonse umene unachitika mu 1978 pachilumba cha Oahu ku Hawaii, anayamba anthu 15, amene anamaliza ndi 12, ndipo Gordon Haller amene anapambana anatenga maola 11 ndi mphindi 46. Mtunda wake ndi womwewo umene mwaugonjetsa inu.

Za madzi ndisiyira odziwa zachipatala. Ine ndinena za njinga, chifukwa kwa ine mavuto anu anayambira pamenepo, pa makilomita 90 amene munkamva kukomawo.

Mphamvu imene thupi limawotcha popalasa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limayendetsa njinga. Yotsala yonseyo imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka kudzera pakhungu. Amene amakunyamula kuchoka mkati kupita pakhungu ndi magazi. Tsono magazi omwewo akufunika m'minofu ya miyendo, akufunika pakhungu, akufunikanso m'matumbo kuti zimene mwadya ndi kumwa zilowe m'thupi. Kukatentha kwambiri, miyendo ndi khungu zimatenga gawo lake, amene amamanidwa ndi matumbo. N'chifukwa chake madzi ankangokhala m'mimba osapita kulikonse, ndipo gel inakunyansani. Mtima umene munauona ukukwera liwiro lisakusintha unali kukuuzani zomwezo maola angapo m'mbuyomo: magazi ambiri apita pakhungu, ena achepa ndi thukuta, ndiye mtima ukugunda kawirikawiri kuti ukwanitse ntchito yomweyo.

Njinga imanamiza. Mphepo ya liwiro la makilomita 28 kapena 30 pa ola imakuziziritsani kwaulere, ndipo mumaona ngati zonse zili bwino. Mukatsika, liwiro lagwa kufika makilomita 9 kapena 10 pa ola, mphepo yatha, ndipo kutentha konse kumene munasunga mkati kumakupezani pamodzi. Ine tsiku lotentha sindiyang'ana liwiro. Ndimadziikira malire a kugunda kwa mtima, ukafika pamenepo ndimachepetsa, ngakhale andipitirire anthu amene ndikudziwa kuti ndimawaposa. Ambiri mwa iwo ndimakawapeza akuyenda wapansi pa marathon. Mphindi 15 kapena 20 zimene mwataya panjinga zimakubwezerani ola lathunthu pothamanga.

Pa marathon penipenipo, malo operekera zakumwa muziwaona ngati malo oziziritsira thupi, osati omwera pokha. Yendani wapansi kuyambira tebulo loyamba mpaka lomaliza. Ayezi muike m'chipewa, wina m'chovala pachifuwa ndi pamsana, wina mugwire m'manja mpaka asungunuke. Siponji yonyowa pakhosi. Koma podzithira muziwerama pang'ono kuti madzi asatsikire mu nsapato, apo ayi matuza akupezani musanafike theka. Onerani akatswiri a pa mpikisano wotchuka wa Ironman wa ku Kona, ku Hawaii, akamalowa chigawo chija amachitcha Energy Lab, kumene msewu wazunguliridwa ndi miyala yakuda ya chiphalaphala: ngakhale amene akutsogola amakhala akusaka ayezi patebulo lililonse.

Namwino Wothamanga anayankha:

Mayi, ndawerenga kawiri zimene mwalemba, ndipo ndikupempha kuti muzitenge mozama. Sindingakuyezeni pa intaneti, koma zala zotupa, mimba yodzaza, mseru, mutu, ndi sikelo yokwera pambuyo pa tsiku lonse la thukuta, zonsezi zikuloza ku madzi ochuluka, osati ochepa. Munthu amene wauma m'thupi amatsika pasikelo. Inu munakwera.

Vutoli achipatala amalitcha hyponatremia. Mchere wa sodium m'magazi umayenera kukhala pakati pa 135 ndi 145 mmol pa lita. Mukamwa madzi ambiri kuposa amene akutuluka, magazi amasukuluka, sodium n'kutsika pansi pa 135, ndipo madzi amayamba kulowa m'maselo, kuphatikizapo a muubongo. Ubongo ulibe malo ofufumira chifukwa uli m'chigaza. N'chifukwa chake kutenti kuja ankakufunsani dzina ndi tsiku: ankafuna kuona ngati mutu wayamba kusokonekera. Zikafika poipa munthu amasanza, amakomoka, amagwa khunyu, ndipo alipo amene anamwalira nazo pa mipikisano ya marathon. Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake analemba za vutoli mwa othamanga mitunda italiitali kale mu 1985, koma mpaka lero ambiri timangomva uphungu woti imwani, imwani.

Mwina mukudabwa kuti bwanji impso sizinangotaya madzi owonjezerawo. Thupi likakhala pa ntchito yolemetsa kwa maola ambiri, makamaka pakakhala mseru, limatulutsa homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi. Ndiye mumamwa koma osakodza. Ndipo amene zimawagwera kawirikawiri si akatswiri othamanga kutsogolo aja, ndi ife a m'mbuyo, a matupi ang'onoang'ono, amene timakhala pamsewu nthawi yaitali. Mukayamba kuyenda wapansi thukuta limachepa, koma makapu awiri patebulo lililonse akupitirirabe.

Tsemwe lija ndi nkhani ina, ndipo nalonso si loliseweretsa. Kumva kuzizira padzuwa ndi chizindikiro choti thupi layamba kulephera kudziziziritsa. Munachita bwino kuchepetsa liwiro. Kutentha kwa mkati mwa thupi kukapitirira madigiri 40, munthu n'kuyamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukwiya popanda chifukwa, imeneyo ndi heat stroke, ndipo chopulumutsa moyo ndi kumuviika m'madzi a ayezi pomwepo, mphindi 30 zisanathe, asanamunyamule kupita kuchipatala. Chovuta n'chakuti mavuto awiriwa amafanana poyamba, onse mutu ndi mseru, pomwe chithandizo chake n'chosiyana. Wina akapatsa munthu wa hyponatremia madzi ambiri poganiza kuti wauma, amamuwonjezera vuto.

Uphungu wanga: imwani motsatira ludzu, ndipo mukamva madzi akuyendayenda m'mimba, dumphani tebulo limodzi kapena awiri, ingotsukani mkamwa n'kulavula. Mapiritsi a mchere amathandiza ena, koma sangakutetezeni ngati mukumwa mopitirira. Ndifunsenso: munamwako ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu aja, kapena ena a gulu limenelo tsiku limenelo? Amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo patsiku lotentha ndi oopsa. Musanayambirenso zolimbitsa thupi zolemera, kaonaneni ndi dokotala akuyezeni magazi, aone sodium ndi impso.

Chiphaliwali anayankha:

Anamwino, zambiri ndikugwirizana nanu, koma za kutsatira ludzu lokha ine ndikukana pang'ono. Ine ndine wamkulu thupi, ndipo kukatentha ndimataya madzi opitirira lita imodzi ndi theka pa ola. Ndikadikira ludzu panjinga, pofika pa marathon ndimakhala nditauma kale, ndipo pothamanga m'mimba simulandira madzi okwanira kubwezera. Uphungu umene ungapulumutse mayiwa ine ungandigwetse.

Chimene ndingawauze n'chakuti adziyeze okha. Kwerani sikelo musanavale, palasani ola limodzi nthawi yotentha pa liwiro la mpikisano, dzipukuteni, kweraninso. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, kuwonjezera imene munamwa m'njira. Mukadziwa nambala yanu, muzimwa mocheperako pang'ono kuposa pamenepo, osapitirira. Kumaliza mutatsika kilogalamu imodzi kapena ziwiri si vuto. Ndipo zakudya zambiri, magalamu 60 mpaka 90 a shuga wopatsa mphamvu pa ola, zilowe muli panjinga pamene matumbo akadali kugwira ntchito bwino.

Kamtsinje anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Anamwino, ibuprofen sindinamwe, ndipo kwa dokotala ndipita sabata ino. Zosakodza zija ndi zoona ndithu, kuyambira pakati pa njinga mpaka usiku sindinapite kuchimbudzi. Achimwene Chiphaliwali, za sikelo ndiyesa, ine ndine wochepa thupi ndiye ndikukhulupirira kuti nambala yanga ili kutali ndi yanu.

Latsala ndi funso lachiwiri lija. Zokonzekera zanga zonse zinali za m'mawa kusanatenthe. Kodi thupi lingazolowere kutentha popanda kusamuka?

Mpalasi Wakale anayankha:

Lingazolowere, achemwali, ndipo limazolowera msanga kuposa mmene limalimbira. Masiku 10 mpaka 14 ochita zolimbitsa thupi motentha, ola limodzi kapena ola ndi theka patsiku, amakwana, ndipo kusintha kwakukulu kumaoneka sabata yoyamba. Madzi a m'magazi amachuluka, mtima umatsika pa liwiro lomwelo, thukuta limayamba msanga ndiponso limatuluka ndi mchere wochepa.

Poti mkati mwa sabata muli kuntchito, njira zilipo ziwiri. Ngati muli ndi choimikira njinga m'nyumba, palasani mazenera otseka, fani osayatsa, mutavala zamanja aatali, koma mwapang'onopang'ono, cholinga ndi kutenthedwa osati kuthamanga. Njira ina ndi kulowa m'bafa la madzi otentha pafupifupi madigiri 40 mukangomaliza kuthamanga kwanu kwa m'mawa, madzi afike m'khosi. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15, muziwonjezera mpaka 30 kapena 40, masiku otsatizana kwa sabata imodzi. Pakhale munthu wina m'nyumba, ndipo potuluka muzidzuka pang'onopang'ono chifukwa chizungulire chimabwera. Loweruka ndi Lamlungu, kuthamanga kwanu kuzikhala masana, nthawi yomweyo imene marathon idzayambe.

Muchite zimenezi masabata atatu omaliza mpikisano usanafike, chifukwa kuzolowerako kumatha pang'onopang'ono mukasiya. Masiku atatu omaliza mupume. Muonenso za chinyezi cha kumalo mukupitako, osati madigiri okha, pakuti mpweya ukadzaza chinyontho thukuta limangotsetsereka osauma, ndipo thukuta losauma siliziziritsa. Ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse wa masewera othamanga, marathon ya amayi inayamba pakati pa usiku kuthawa dzuwa, komabe mwa akatswiri 68 amene anayamba, 28 sanamalize chifukwa cha kutentha ndi chinyezi. Tsiku ngati limenelo nthawi imene munalemba papepala muisiye, muthamange ndi kugunda kwa mtima. Mukabwera kwa dokotala mutiuze zimene apeza, kenako tidzakambirane ndondomeko ya masabata atatuwo tsiku ndi tsiku.