Felemu ikuthyokabe pambali pa pomwe tawotcherera, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa, Nchalo:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mafelemu awiri a njinga zakale za matayala a mainchesi 28. Ina inathyoka paipi yapansi pafupi ndi khosi (pomwe pamalowa foloko), inayo kutsogolo kuli bwinobwino koma kumbuyo kwadyeka ndi dzimbiri. Ndikufuna nditulutsepo felemu imodzi yolimba ndigulitse kwa a kabaza. Paipi yothyokayo yawotchereredwa kawiri ndi makina a magetsi, rod (ndodo yowotcherera) ya mamilimita 2.5, koma sipatha masabata awiri mng'alu wabwereranso, osati pachilondapo koma pambali pake. Vuto ndi rod, moto kapena paipi?

Wowotcherera wa ku Ngabu:
Achimwene, vuto ndi moto. Paipi ya felemu ndi yopyapyala, milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene rod ya 2.5 ndi ya mageti ndi mafelemu a mawindo. Moto wake umadya chitsulo m'mbali mwa chowotchereracho, pamatsala kamzere kolowa mkati, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Taonani mmene anailumikizira ku fakitale: mapaipi anawalowetsa m'zolumikizira nkuthiramo buraso, sanasungunule paipi ayi.

Chitani chonchi. Dulani pothyokapo mpaka mupeze chitsulo choyera. Pafelemu inayo mudule kapaipi ka masentimita 10, mukang'ambe mlitali ndi sowo, mukafinye kalowe mkati mothina, theka uku theka uku. Palani ndi sandipepa mkati ndi kunja, penti ndi girizi zisatsale ngakhale pang'ono, apo ayi buraso amangogubuduka ngati madzi pa tsamba la koko. Pakani flux (mankhwala othandiza buraso kugwira chitsulo), tenthetsani ndi gasi mpaka chitsulo chifiire, osati kuwala chikasu. Buraso amasungunuka cha m'ma digiri 900 ndipo amatsata kumene kuli moto, ndiye muzimukoka ndi lawi alowe mkati. Mukamaliza isiyeni izizire yokha. Madzi ayi.

Wokonza njinga pa Dyeratu:
Zoona zimenezo, koma musanawononge gasi funsani kaye chinaithyola nchiyani. Pitirizani chala kunsi kwa paipiyo pafupi ndi khosi. Mukamva kakhwinya, njingayo inagunda chinthu kutsogolo, ndipo foloko nayo inabwerera m'mbuyo. Yoteroyo khosi lake linasuntha kale, mungawotcherere bwanji iziyenda chankhanu. Yesaninso ndi chingwe: mangani pomwe pamalowa ekiselo ya kumbuyo, muzungulitse kukhosi, mubwerere mbali inayo. Yezani mpata wa chingwe ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Kusiyana kukaposa mamilimita 3, kumbuyo kunapotoka.

Mmisiri wa ku Bangula:
Ine ndiye ndikutsutsa pang'ono. Bwanji mukulimbana ndi yothyoka khosi pamene inayo kutsogolo kuli bwino? Pa njinga za 28 zambiri, timapaipi tiwiri tochoka pansi pa chishalo kutsikira kutayala ndi tomanga ndi mabawuti. Ngati tadyeka ndi timeneto, masulani musinthe ndi ta felemu inayo, moto osayatsa nkomwe. Koma ngati dzimbiri lagwira timapaipi tapansi tochoka pa mapedulo, gogodani ndi sipanala. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimalira mogontha, ndipo mukabaya ndi msomali chimalowa. Njinga za kuno zambiri zinamirapo m'madzi osefukira, za ku Makhanga ndi East Bank musachite kufunsa. Matope amakhala mkati, dzimbiri limadya kuchokera mkati penti ili phee. Zulani chishalo, tembenuzani felemu muikhutchumule. Mukaona zinyenyeswa zofiira zikugwa zambiri, imeneyo ndi ya sikirapu.

Wofunsa:
Takhuta akuluakulu. Kakhwinya ndakapeza, ndiye yothyoka khosiyo ndaisiya. Kwinako chadyeka ndi kapaipi kamodzi kapansi, mbali ya tcheni. Koma gasi ndilibe, ndili ndi makina a magetsi okha. Zingatheke?

Wowotcherera wa ku Ngabu:
Zitheka koma mwaulemu. Rod ya 1.6 kapena 2.0, moto mutsitse cha m'ma 40 mpaka 50 amps, muyambe mwayesera pa zidutswa za felemu mwaitayayo. Musakoke mzere. Dontho limodzi, siyani, lina mbali yotsutsana, mpaka muzungulire. Kachigamba ka paipi kotseka podyekapo kavale kunja ndipo nsonga zake muzidule mopendekera, chifukwa zodula mowongoka zimasonkhanitsa mphamvu yonse pamzere umodzi. Mangani habu yakale kumbuyo musanayambe kuti mpata usatsekeke ndi moto. Ndipo kaliyala musaiwotcherere pa timapaipi timeneti monga achitira ambiri. Miyendo yake itsikire pa ekiselo, ndiye thumba la makala kapena munthu wamkulu akhale pa tayala, osati pa chilonda chanu.

Wogulitsa njinga, Nsanje boma:
Wa kabaza sayamba kuona penti, amayamba kugwedeza tayala la kumbuyo. Limu ya mabowo 40 masipoko ake akwane onse, olimba mofanana. Pa mapedulo mulowe timipira tachitsulo ta 1/4 ya inchi, 11 mbali iliyonse, habu ya kumbuyo 9 mbali iliyonse, ya kutsogolo ta 3/16 tokwana 10 mbali iliyonse. Musasakanize tatsopano ndi takale. Girizi wambiri, chifukwa mchenga wa kuno umadya makapu msanga. Makotapini (timabawuti togwira mikono ya mapedulo) muike atsopano, ndi otsika mtengo koma akamagwedera wogula amatsitsa mtengo wa njinga yonse. Powotchereredwapo muonetseni wogula musanapake penti, mtengo ukhale wa felemu yokonzedwa. Mukabisa, ikathyoka ali ndi pasinjala mseu wa M1, nkhani yake ikafika msika wonse wa Nchalo.

Nambala ya felemu musaipale kapena kuikwirira ndi chowotcherera. Lembani pa lisiti pamodzi ndi dzina la amene anakugulitsani, njinga zobedwa zilipo zambiri. Njingayo muitulutse kumapeto a mwezi a kuminda ya nzimbe atalandira, kapena anthu akayamba kugulitsa thonje.

Wofunsa:
Ndamva. Mawa ndikasaka rod ya 2.0, ndiyesera kaye pa zidutswa ndiponye chithunzi pano muone ngati moto wakwana.