Generator ya Python ikungondionetsa object, data ayi

wa_Area25: Mabwana thandizeni. Ndili ndi fayilo ya CSV yaikulu ya malonda a pa shopu, laputopu yanga RAM ndi 4GB basi ndiye ndikapanga readlines() imangouma. Mnzanga anati ndiyese generator, ndayesa koma ndikaprinta ikungolemba generator object ndi manambala osamveka, komanso for loop yachiwiri sikutulutsa kalikonse. Yawonongeka kapena bwanji?

mKawale: Sinawonongeke achimwene, imagwira choncho. Generator siwerengeratu zinthu, imadikira muyifunse ndi next() kapena for loop ndiye imakupatsani chimodzi, pa yield, mawu amene generator imaperekera chinthucho, imaima nji mpaka mufunsenso. Zili ngati kutunga pa mpopi ndi kapu mukamva ludzu, pomwe readlines() ikufuna mudzaze kaye mgolo wonse ndipo mgolo wanuwo ndi 4GB. Fayilo nayo payokha ndi iterator kale, kutanthauza kuti imapereka chimodzi chimodzi, ingolembani for mzere in f: (f ndi fayilo mwatsegulayo) iziwerenga mzere umodzi umodzi, RAM sikuvutikanso.

Za loop yachiwirizo, generator ikatha yatha sibwerera m'mbuyo. Tsegulaninso fayilo kapena pangani generator yatsopano.

dev_Biwi: Ndiwonjezere, musathamangire kuyika list() pamwamba pake kuti muone data chifukwa pamenepo mwakokeranso zonse mu RAM mwabwerera pomwe munayambira, sorted() nayonso chimodzimodzi imayenera kuona zonse kaye. Mukafuna kungosuzumira gwiritsani itertools.islice(g, 10), g ndi generator yanuyo, ikupatsani khumi zoyamba basi zinazo osazikhudza, koma dziwani kuti khumizo zachoka mu generator. Kuyambira Python 3 ya 2008 map, filter ndi zip nazonso ndi zaulesi chomwechi, zimadikira muzifunse, mu Python 2 zinkabweza list nchifukwa chake ma tutorial akale pa YouTube amasokoneza anthu.

mayi_code47: Msampha wina ndi uwu, mukapanga generator mkati mwa with open() nkudzayiwerenga kunja, fayilo imakhala yatsekedwa kale ndiye mulandira ValueError, chifukwa kuwerenga kwenikweni kumachitika mochedwa osati pa mzere munalembapo. Ine pa CSV ndimangogwiritsa read_csv ya library ya pandas ndi chunksize, yomwe imawerenga fayilo m'zigawo, ntchito imayenda msanga. Fayilo ikakhala yaing'ono list ndi yabwinobwino musadzivutitse.

wa_Area25: Zikomo nonse, sum() pa generator yatulutsa total osauma. Nanga ndikafuna total ya mwezi uliwonse ndiwerenge fayilo ka 12?

mKawale: Ayi kamodzi kokha, sungani dict ya miyezi, mwezi uliwonse ndi total yake, muziwonjezera momwemo mzere ukamadutsa.