Chifukwa chiyani okumba manda timawatchula adzukulu?

Wa ku Linthipe: Sabata yatha tinaika agogo anga aamuna. Mamawa a mfumu atati "adzukulu anyamule makasu", ine ndinadzuka. Azakhali anandigwira mkono nkunena chapansipansi kuti, "Khala pansi mwanawe, lero ndiwe namfedwa." Amene ananyamuka ndi amuna a mudzi wa kutsidya, ena aimvi, opanda nawo ubale. Mpaka pano zikundivutabe mumtima. Dzina lathuli analitenga bwanji?

NaBanda: Pepani ndi zovutazo. Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Iwo ndi amene ankasambitsa maliro a amayi anzawo, ndipo tsiku limenelo nawonso ankatchedwa adzukulu, ngakhale anali ndi zidzukulutudzi. Akabwerako sankatikhudza kufikira atasamba. Si okumba okha ayi.

Mphwanga wa ku Ntchisi: Nkhani yagona pa nthabwala. Gogo ndi mdzukulu saopana, gogo wamkazi amaitana mdzukulu kuti "amuna anga". Mwana sangayang'ane thupi la bambo ake, koma mdzukulu akhoza. Ndiye aliyense wogwira mtembo mopanda mantha amavala dzinalo.

Wa ku Chipata: Kuno ku Zambia timaziona pa chimbuya, chibale cha nthabwala cha Angoni ndi Abemba. Pamaliro amapakana ufa, kuseka anamfedwa akulira.

NaBanda: Chimbuya ndi cha pakati pa mitundu iwiri ya anthu, achimwene. Adzukulu ndi a midzi yoyandikana: lero atikumbira, mawa tiwakumbira. Agogo ankakulunga thupi m'mphasa ali chete, nthabwala sindinazimvepo.

Mphwanga wa ku Ntchisi: Mayi, nanga adzukulu akagwira nkhuku ya pasiwa, mwini wake osayankhula, si ufulu wa mdzukulu pa khomo la gogo wake umenewo? Nsima yawo imapita kumanda komweko anthu ena asanadye. Ndi nthabwala basi.

Gogo wa ku Area 25: Inu mukulimbana za gwero, ana athu mawuwo sakuwadziwa nkomwe. Wanga amati "anthu a ku mochale". Kumasano samva, siwa samva, chiliza akuti tombstone. Ndipo anyamata ena masiku ano sakweza khasu asanaone kachasu.

Mphwanga wa ku Ntchisi: Kupempha ankapempha kalekale, agogo, ndi ufulu womwe ndikunenawu. Chasowa ndi ulemu.

Wa ku Linthipe: Nanga kale, mdzukulu weniweni ngati ine ankaloledwa kulowa m'dzenje? Ndinkafunitsitsa kuwagoneka ndekha.