Mbumba ya Anganga ku Likhubula: zonyamula yurt ija

Achimwene a ku Lilongwe: Mwadzuka bwanji nonse. Yurt ija yaphwasulidwa, ili m'galaja. Ndi ya mamita 6 kupingasa. Makoma opindika alipo 5, mitengo ya denga 81, mkombero wapamwamba, mizati yapakati 2, chitseko ndi felemu yake, nsalu zaubweya, chinsalu chakunja ndi zingwe 3 za m'chiuno.

Azakhali: Kodi si tenti ya pamaliro imeneyi?

Tadala: Ayi azakhali, ndi nyumba yozungulira ya anthu oweta ziweto ku Mongolia. Muzigona alendo okwera phiri la Mulanje, ife tizilandira ndalama.

Amalume: Ndalamazo ziyambe zatuluka kaye. Makomo ndi 8, khomo lililonse K60,000. Apereka 5. Otsalawo akudzidziwa.

Alamu a ku Limbe: Za pikapu tiiwale. Mitengo ya denga ndi yoposa mamita 2, makoma akapindidwa amatalikanso choncho, ndiye zidzatulukira kumbuyo n'kumawerama msewu wonse. Pakufunika kanta ya matani 3. Si kulemera ayi, zonse sizifika theka la tani, koma malo. Pali ina ikupititsa zinanazi ku Lilongwe Lachinayi, pobwerera ilibe katundu. Akufuna K480,000, mafuta ndi zolipira pa Kalinyeke ndi pa Chingeni zili momwemo.

Achemwali a ku Bangwe: K480,000 galimoto yobwerera yokha? Mwanenerera koma?

Alamu a ku Limbe: Anayambira kutali achemwali. Makilomita akuyandikira 400.

Achimwene a ku Lilongwe: Ngati ndi ya zinanazi aitsuke iume kaye. Madzi a zinanazi akalowa mu ubweya sachoka, nyerere n'kupezapo mudzi. Pansi tiyala makatoni, kenako makoma ogoneka, bulangete pakati pa khoma ndi khoma. Timitengo take tinalumikizidwa ndi tizikopa, osati misomali, ndiye tikamakhulana paulendo tizikopato timaduka. Khoma lililonse ndalilemba nambala chifukwa m'mphepete mwake anadula molingana ndi linzake. Mukasokoneza sakumana.

Tadala: Mitengo 81 ija nanga?

Achimwene a ku Lilongwe: Mitolo ya khumikhumi, nsonga zonse mbali imodzi, kumanga patatu. Mitolo 8, umodzi wotsalawo ulowa mu mtolo womaliza. Muwerenge potsitsa woyendetsa asanachoke.

Mayi aang'ono: Pepani kudula nkhani. Mbuzi za kwa aneba zalowanso m'munda wa anganga, nandolo yense mbali ya kumtsinje yatha.

Azakhali: Mpanda uja tinasonkhera chaka chatha uli kuti?

Achemwali a ku Bangwe: Funso limenelo lili ndi eniake.

Amalume: Za mbuzi tikamba Lamulungu. Pano ndikuti K180,000 yatsala. Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi yomwe ija. Zisakhale ngati za chiliza zija.

Mayi aang'ono achoka pagulu

Tadala: Eeh

Alamu a ku Limbe: Achimwene, chimene chikundidetsa nkhawa ndi mkombero. Supindika eti?

Achimwene a ku Lilongwe: Supindika, ndipo ndiwo mtima wa nyumba yonse. Uli ndi zibowo 81 kuzungulira, mtengo uliwonse ndi chibowo chake. Ukang'aluka pakati pa zibowo denga silikhalanso bwino, ndipo kalipentala wamba sangaupange. Ulowe pomaliza, ugone pamwamba pa nsalu zaubweya, pamwamba pake pasakhale kanthu. Lamba wokokera asadutse pa iwo, umangidwe ndi chingwe chofewa mbali 4. Chitseko chiime chammbali kuseri kwa kabini, chotseka ndi chomanga, chikagona felemu imapotoka.

Alamu a ku Limbe: Ndiye wothandiza woyendetsa uja akhale kutsogolo. Anyamata amenewa amakonda kugona pa katundu. Malamba amakhwepa katundu akakhazikika, aime pa Nathenje akoke, akokenso pa Dedza. Kalata yogulira ikhale m'manja, pa Zalewa akaona mitengo amafunsa.

Azakhali: Adutse ku Thyolo anditengere thumba la chimanga pa Bvumbwe.

Alamu a ku Limbe: Ayi azakhali, ku Thyolo makhona ndi nkhungu. Adzera Midima, akhotere pa Chitakale msewu wa ku Phalombe. Ndiponso anankafumbwe ndi ubweya galimoto imodzi ayi.

Azakhali: Chabwino, ife ndi osonkha chabe.

Tadala: Kuno chiperoni chayamba, phiri silikuoneka n'komwe.

Achimwene a ku Lilongwe: Ndiye mverani. Nsalu zaubweya ndizo zolemera kuposa zonse, zikanyowa zimalemera kwambiri n'kuchita chuku. Ndizikulunga mu pulasitiki, pamwamba tenti yofunditsa, mpheto yake iyang'ane kumbuyo kuti mphepo isaivundukule. Zikafika muzimasule tsiku lomwelo, zikhale pa matabwa m'nyumba, osati pa simenti. Zikakhalitsa mu pulasitiki zimachita thukuta.

Achemwali a ku Bangwe: Nanga pansi pake? Matabwa ake akubwera?

Achimwene a ku Lilongwe: Aja anawola, sindinyamula. Mugule paini konko, osati mkungudza, tisamangidwe. Nsanja yozungulira ya mamita 6 ndendende, yokwera pa zipilala za njerwa chifukwa cha chiswe. Ikakula kuposa makoma madzi a mvula amaima pa matabwa n'kulowa mkati.

Amalume: Matabwawo ndi msonkho wina. Uwu usanathe. Ena akuwerenga, ndikuwaona, koma ali zii. K180,000.

Chikondi: Malume ine nditumiza pa 30.

Amalume: Galimoto ndi ya Lachisanu, pa 30 anyamula ndani?

Alamu a ku Limbe: Woyendetsa akuti theka pokweza, theka potsitsa. K300,000 ilipoyo ikwana kunyamukira. Anyamuka 5 koloko m'mawa, kuti afike kukuwala. Tadala upeze anyamata 4 otsitsa, mkombero anyamule awiri, osaugubuduza.

Tadala: Anyamatawo awalipira ndani?