Andiuza ndikaonane ndi aphungu a zamaganizo, kodi kumakhala zotani?

Mayi a Tadala, Chinamwali:
Abale, chimwalirireni amuna anga tulo tinathawa. Ndimadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda, masana pamsika ndimasokoneza chenji. Kuchipatala anandiyeza BP ndi malungo, zonse zili bwino, ndiye akuti ndi kuganiza kwambiri, ndikaonane ndi aphungu. Tsono kuno ku Zomba mukudziwa, akangokuona ukulowera ku Mental, kukamacha dera lonse lamva kuti wapenga. Amatani kumeneko? Amabaya jakisoni?

Bambo a Chiko, Matawale:
Pepani mayi ndi zovutazi. Uphungu si jakisoni, ndi kucheza, koma kucheza kokhala ndi mutu, mphindi 45 kapena ola. Tsiku loyamba mafunso ndi ambiri: mumagona bwanji, mumadya, mumamwa mowa, munaganizapo zodzipha. Lomalizali lisakuopseni, amafunsa aliyense. Ine anandiuza ndigule kope, ndizilembamo ganizo lomwe landidzutsa usiku, kenako tinkaliunika limodzi ngati lili loona. Langa linali loti ngongole ya banki mkhonde ndifa nayo. Titaiwerengera papepala, inali yoti n'kubweza pang'onopang'ono. Ngongoleyo ikadalipo, koma ndikugona. Zomwe mwanena sizituluka m'chipindamo, pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe.

Nasibeko:
Zachizungu izi. Pitani kwa abusa akakupempherereni, basi.

Anamwino, Sadzi:
A Nasibeko, pemphero ndi uphungu sizilimbana, mayiwa atha kupita konse. Ndipo chizungu chake chiti? Njira ya Friendship Bench inayambira ku Harare m'chaka cha 2006, ndipo opereka uphunguwo ndi agogo ophunzitsidwa, amakhala ndi munthu pabenchi kunja kwa chipatala maulendo ngati 6, n'kumathana ndi vuto limodzilimodzi.

Mayi a Tadala, ku Zomba Mental Hospital si onse amagonekedwa, ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Musayembekeze kuti aphungu akuuzani chochita ngati ankhoswe, ayi, chisankho chimakhala chanu. Masiku oyamba mutha kutuluka mutalira kuposa mmene munalowera, chifukwa mwakhudza pabala. Si kuti zakanika. Akakupatsani mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, amatenga masabata angapo kuti muone kusintha, ndiye musawasiyire panjira.

Mayi a Tadala, Chinamwali:
Zikomo nonse. Ndipita Lachiwiri, benchi yanga ya pamsika andisungira achemwali. Kodi buku la kuchipatala lija nditenge?

Anamwino, Sadzi:
Tengani, komanso mankhwala aliwonse omwe mukumwa panopa, ngakhale achikuda.