Zowonjezera pa funso la kachipangizo kowononga zithunzi za fulashi

Tabwereranso ku funso la achimwene ojambula m'maukwati pa Kasungu boma. Iwo amafunsa ngati n'zoona kuti kachipangizo kotsatsidwa pa intaneti kamawononga zithunzi za alendo ojambula ndi fulashi, nyale yong'anima ya pa kamera. Tinati tiyambe taona m'kati mwake. Yankho n'lakuti musataye ndalama zanu.

M'katimo muli kachidiso komva kuwala, kapasita (yosunga mphamvu ya magetsi) ndi nyale. Kachidisoko kakaona kung'anima, nyale imabwezera kuwala kwamphamvu mu lenzi ya wojambulayo, chithunzi n'kuyera mbee. Kungomva chabe, zikukoma.

Vuto lili apa: makamera ambiri amakono amang'anima kawiri, koyamba poyeza kuwala, kachiwiri pojambula. Kachipangizo kotchipa kamathamangira koyambako, ndiye nthawi yojambula yeniyeni kapasita imakhala yatha mphamvu, ikudikira masekondi angapo kuti idzadzenso. Mafoni ndiye musanene. Fulashi yake ndi ya LED, imayaka mofatsa ngati tochi, pomwe kachidisoko kamafuna kung'anima kwadzidzidzi kwa pafupifupi 1/1000 ya sekondi. Nanga masana pa perekaniperekani, ndani amayatsa fulashi?

Mtunda nawonso umakagonjetsa. Pa mamita 4 kuwala kumangotsala gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kwa pa mamita 2. Mlendo amene waima chakumbali, komwe nyale sinaloze, chithunzi chake chituluka bwinobwino.

Komanso kachidisoko sikasankha mwini. Fulashi yanu yomwe, achimwene, idzakadzutsa, n'kufafaniza nkhope ya mkwatibwi pa chithunzi chimene munalandirira kale ndalama.